Ndinati Anandidula Chifukwa cha Tiyi

Amuna anzanga, zikomo pondipatsa mpata. Ena mukundiona koyamba, koma ambiri mukundidziwa ndi nkhani imene ndinaipeka ndekha. Ndine Wyson Chimwaza uja amene Amormoni anamudula chifukwa cha kapu ya tiyi. Ndikuona a Gondwe akuwerama kumbuyoko, chifukwa munali m'nyumba mwawo mmene ndinainenera koyamba. Nkhaniyo ndi yabodza, ndipo lero ndikufuna ndikuuzeni chimene bodzalo linandidyera. Sindinabwere kudzakopa munthu. Muno tasakanikirana, wina ndi wa korona, wina wa sinodi, wina kutchalitchi anasiya kalekale, koma ludzu limene latisonkhanitsa ndi limodzi.

Ndinafika muno mu Nairobi chapakati pa zaka za m'ma 1990, pa ntchito ya bungwe lina lotumiza chakudya kumpoto uko, kumalire a Sudan. Ofesi inali ku Hurlingham, nyumba tinapeza ku Kahawa. Ndinabwera ndi akazi anga, amake Tadala, Tadalayo ali kumsana. Mowa ndinabwera nawo kuchokera kumudzi, sindinauphunzire kuno ayi. Ndiye amishonale a malaya oyera aja atagogoda pakhomo n'kunena kuti kwawo mowa, fodya, khofi ndi tiyi sagwira, akazi anga ndiwo anayamba kuwakokera mipando.

Ine chimene chinandigwira mtima chinali china. Mumpingo umenewu mulibe abusa olembedwa ntchito. Bambo wamba ngati ine, akamayenda bwino, amapatsidwa unsembe. Mwana akadwala amamuika manja yekha, ndipo mwana akakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, amene amatsika naye m'madzi kukamubatiza ndi bambo ake omubereka. Ine bambo anga sanandigwirepo dzanja ngakhale podutsa msewu. Nditamva zimenezi ndinayang'ana Tadala akukwawa pansi, ndipo ndinadziuza kuti ameneyu ndidzamubatiza ndekha. Anakula akudziwa. Ali ndi zaka zisanu ankandikokera pakapeti kuti tiyeserere, atatsina mphuno, akuti: "Adadi, mudzandigwire zolimba, musadzanditaye."

Kunja anthu ankationa mwina. Mukudziwa nokha kuti muno kukana chai, tiyi wa kuno uja, kuli ngati kukana moni. Teni koloko ikakwana ku ofesi, ine ndi kapu yanga ya madzi otentha, anzanga akutsinana. Zaka zimenezo mphekesera za opembedza satana zinali paliponse, m'maminibasi aja timati matatu, m'misika, ndipo dzina lathu silinkasowa pamenepo. Amalawi anzanga ndiye ankandiseka poyera. "Abusa, akazi achiwiri mukwatira liti? Kodi n'zoona mumabatiza anthu akufa?" Ine ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkadziona woyera kuposa onsewo, ndipo kunyada kumeneko n'kumene kunandipereka.

Kugwa sikunatenge nthawi. Ntchito inayamba kunditumiza kumpoto kuja ku Lokichogio, kumene kumatentha moti malaya amamatirira pamsana. Madzulo anzanga atsegula mabotolo ozizira, ine ndikuti limodzi lokha, kuno palibe ondidziwa. Limodzi lija linanditsatira ku Nairobi. Lachisanu lililonse mowa ndi nyama yowotcha ija timati nyama choma, kenako chingamu m'kamwa pobwerera kunyumba. Kenako panabwera mayi wina wa ku Kangemi, amene sindimutchula dzina chifukwa nayenso ndinamunamiza. Lamulungu ndavala malaya oyera, ndagwada kutsogolo ndikudalitsa mgonero ndi pakamwa pomwepo. Mapanga awiri avumbwitsa, anatero akale. Loweruka lina masana mayi uja anafika pageti ku Kahawa kudzandifuna, ndipo anamutsegulira ndi amake Tadala.

Tsopano mumvetse mmene chilango chimayendera kumeneko, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu ku Ntcheu munthu akachimwa, dzina limawerengedwa kutsogolo, mudzi wonse umva, iye akakhala kumpando wakumbuyo n'kuyamba kalasi. Zimawawa, koma aliyense amadziwa chimene walakwa. Kuno ayi. Anandiitanira m'kachipinda, chitseko chotseka, amuna atatu ndi mlembi. Wotsogolera anali pulezidenti wa nthambi yathu, a Wekesa, Mkenya, mphunzitsi wa sekondale, munthu amene anandilandira tsiku loyamba. Tinagwada, tinapemphera, ndinaulula zimene zinali zitadziwika kale. Anandiuza kuti sandichotsa mumpingo, koma andiimitsa. Ndizibwera Lamulungu lililonse, ndizikhala ndi banja langa, koma mgonero ndisadye, ndisapemphere pagulu, ndisaphunzitse, ndipo unsembe ndisaugwiritse ntchito. Pakatha chaka tidzakhalanso pansi.

Tadala anali atangokwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. A Wekesa anandigwira phewa potuluka. "M'bale Chimwaza, nthawi ilipo. Mukayenda bwino chaka chino, mwana uja mudzamubatiza nokha. Ndipo zimene zanenedwa muno zatsala muno. Ine sindidzauza munthu."

Anasungadi mawu awo. Palibe chinalengezedwa. Koma mgonero wathu ndi mkate ndi madzi, ndipo umayenda m'mathireyi kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo, benchi yonse. Umalandira kwa mnzako, umatenga kako, n'kupatsira winayo. Ana aang'ono omwe amatenga. Ndiye taganizani bambo wamkulu, amene dzana anali kutsogolo, akulandira thireyi n'kuidutsitsa osatengapo. Palibe amafunsa, palibe amakuyang'ana, koma kusayang'anako umachita kukumva pakhungu. Kalasi imene ndinkaphunzitsa anapatsa wina osanena chifukwa. Amayi a mumpingo ankapatsa moni akazi anga mofatsa ngati kuli maliro. Ndikuuzeni zoona, chete ameneyo ndi wolemera, ndipo ndikudziwa anthu amene anangodutsitsa thireyi kawiri basi, osabweranso mpaka lero. Ine ndinkabwerabe, koma mumtima ndinali nditapsa. M'malo modzimvera chisoni pa zimene ndinachita, ndinkadana ndi amene anandiona ndili maliseche.

Ndiye kunabwera kucheza kwa Amalawi kunyumba kwa a Gondwe ku Hurlingham. Ananditambasulira botolo mongondiyesa, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo ulendo uno ndinalandira anthu onse akuona.

"Aa, abusa, lero zatani?"

"Anandidula," ndinatero.

"Mwalakwanji?"

Onse anatembenukira kwa ine. Amake Tadala anali ataima pakhomo la kukhitchini, mbale ili m'manja. Ndikanatha kunena kuti nkhani zam'banja. Koma pakamwa panga panatuluka mawu akuti: "Tiyi. Wina anandiona ndikumwa chai ku ofesi, n'kukandinenera."

Anthu anaseka mpaka misozi. Ine nditaona kuti yakoma, ndinaithira mchere. Ndinafotokoza za kachipinda kotseka, ndinayerekezera mawu a a Wekesa akundifunsa ngati munali shuga. Aliyense anakhulupirira, chifukwa n'zimene ankafuna kumva za ife kuyambira kale. Munthu wachigololo anasanduka munthu wozunzidwa, ndipo botolo lachiwiri linabwera lokha. Sindinalabadire kuti ana ankasewera pakhonde, zenera lili lotsegula. Pobwerera, titadutsa pa Githurai, akazi anga anangoti: "Mwadziphimba bwino, bambo a Tadala. Ife tifunda chiyani?"

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti bodzalo ndinalisankha ndikudziwa kuti palibe angalitsutse. Akazi anga manyazi sakanawalola. A Wekesa anali atalonjeza. Tsiku lina anabwera kunyumba kudzandiona, monga ankachitira mwezi ndi mwezi, n'kupezana ndi a Gondwe. A Gondwe, mundikhululukire, munawasambwadza tsiku lija. Munawafunsa kuti ndi Mulungu wanji amene amadula munthu wa ana chifukwa cha masamba a tiyi, ndipo ngati alibe zobisa, n'chifukwa chiyani milandu yawo amaweruza atatseka zitseko. A Wekesa anamvetsera mpaka munamaliza. Kenako anati: "Zimene tinakambirana ndi za M'bale Chimwaza. Akafuna, anena yekha." Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsapato zanga. Kamba amanyerera amene wamutola, ndipo kambayo ndinali ine.

Nkhani ija inakwera ndege. Inafika ku Ntcheu kwa apongozi anga, amene ndi mkulu wa mpingo kwawoko, ndipo anaimba foni kuuza mwana wawo kuti alongedze, atenge ana abwere, chifukwa mpingo wodula munthu pa tiyi mawa udzapempha magazi. Ine ndinkamwabe, tsopano ndili ndi chifukwa. Miyezi inkapita, tsiku la Tadala linkayandikira, koma ndinkadziuza kuti ndisiya mwezi wamawa.

Linali Lamulungu la mu Julaye, kuzizira kuja kwa muno kumene dzuwa silituluka. Tinakhala monga mwa masiku onse, akazi anga kumapeto, kenako Tadala, kenako ine. Anadalitsa mkate, thireyi inayamba kuyenda. Amake anatenga n'kupatsa mwana. Ine ndinali nditatambasula kale dzanja kuti ndiilandire ndiidutsitse. Tadala anaigwira ndi manja awiri, anayang'ana mkate uja, ndipo sanatenge. Anaipereka kwa ine. Ndinaganiza kuti waiwala, ndinamugunda ndi chigongono. Anapukusa mutu, maso ali pansi. Madzi atabwera anachitanso chimodzimodzi. Kenako anapinda manja n'kuweramitsa mutu mmene ndinkachitira ine, mpaka kakhalidwe ka mapewa, ndipo ndinaona msozi ukugwera pa diresi lake.

Mapemphero atatha ndinamutengera kuseri kwa tchalitchi, pamene panali mpopi.

"Tadala, bwanji sunadye mgonero?"

"Ndinamwa chai kusukulu Lachiwiri. Kunazizira, ndiye aphunzitsi anati aliyense amwe. Ndinamwa theka lokha."

Iye anapitiriza, akupukuta mphuno ndi juzi.

"Ndiye nanenso andidula eti? Sindibatizidwanso?" Ataona nkhope yanga anandigwira dzanja. "Musadandaule, adadi. Tsopano tili awiri."

Amuna anzanga, ndagonapo m'ngalande ndi mowa, ndasanzapo m'galimoto ya bwana, koma sindinatsikepo pansi ngati pampopi paja. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kwathu zinatembenuka, ndinadya ndine, zinapota mwana. Kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kanasenza mlandu pafupifupi sabata yathunthu osauza munthu, kanadziweruza kokha, kanadzipatsa chilango, kenako n'kumandipepesa ine. Ndinagwada pamatope paja kuti tifanane msinkhu.

"Tamvera, mwana wanga. Tiyi sitimwa, n'zoona, koma sadulitsa munthu. Iwe palibe angakudule. Zimene unamva kwa a Gondwe zija ndinanama."

"Munanama?"

"Ee."

"Nanga munatani?"

"Ndinawalakwira kwambiri amayi ako."

"Munawamenya?"

"Ayi."

"Munapepesa?"

Funso limenelo bwalo lonse la amuna anayi silinandifunse mwanjira imeneyo. Ndinali nditaulula, ndinali nditalira, ndinali nditalonjeza, koma mawu akuti pepani kwa mkazi amene anatsegulira geti chibwenzi changa ndinali ndisanawanene. Ndinamuyankha mwana kuti ayi, ndipo anandisiya dzanja.

Njira yobwerera inalibe chozizwitsa chilichonse. Ndinayamba ndi amake Tadala tsiku lomwelo. Anandimvetsera akusita yunifolomu, osaima. Nditamaliza anati: "Pepani wanuyo ndamumva. Sindinanene kuti ndamulandira." Anadzamulandira patapita nthawi yaitali, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Kenako ndinapita kwa a Wekesa kusukulu kwawo. Ndinkayembekezera ukali, koma anangondifunsa kumene bodzalo ndinalinenera, n'kundiuza kuti ndikalichotse komweko. Ndinawapempha kuti bwanji angonena okha, ndawamasula. Anakana. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Choncho pa kucheza kotsatira ndinaimirira pabalaza pa a Gondwe, Fanta ali m'manja, n'kunena kuti za tiyi zija ndinapeka, anandiimitsa chifukwa cha chigololo ndi mowa, ndipo munthu amene munamunyoza anakhala chete posunga ulemu wanga. Palibe anaseka. Wina chapakona anati bola ya tiyi ija. Ena anasiya kundiitana, ndipo akazi anga anayamba kulandira chifundo cha amayi anzawo, chimene chinkawawawa kuposa mphekesera. Choonadi changa nachonso anachilipira ndi iwo, musaganize kuti kuulula n'kwaulere.

Apongozi ndinawaimbira ndekha. Ndinawauza zonse. Kenako anati: "Mpingo wanuwo sindiukhulupirirabe. Koma tsopano ndi inu amene sindikukukhulupirirani kwambiri." Za kulongedza sanazitchulenso.

Za mowa ndinachita zinthu wamba zimene aliyense muno angathe. Ndinapempha abwana kuti maulendo a kumpoto apatse wina, ngakhale kuti zinandibwezera m'mbuyo pa ntchito. Msewu wa Waiyaki, wopita ku Kangemi uja, ndinausiya, zivute zitani. Lachisanu ndikaweruka ndinkakwera matatu yoyamba ya ku Kahawa osadutsira kulikonse, ndipo ludzu likandigwira ndinkaimbira munthu ndisanamwe, osati nditamwa. Ndinagwabe kangapo. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ndikagwa ndinkanena ndekha, m'mawa mwake, kwa akazi anga ndi kwa a Wekesa.

Chaka chitakwana tinalowanso m'kachipinda kaja. Ndinali ndi chiyembekezo, ndisakunamizeni. Ndinkaganiza kuti poti ndaulula pagulu, andimvera chisoni. Anapemphera, anakambirana, n'kundiitananso. A Wekesa maso ali ofiira anati ndayamba kuyenda, koma ndayamba mochedwa. Miyezi yambiri ya chaka chija ndinaithera m'botolo ndi m'bodza, ndipo sangandibwezere unsembe panopa. Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati akudziwa chimene akundilanda. Anati akudziwa, nawonso ali ndi ana.

Kunyumba ndinayesa njira yotsiriza. Ndinati Tadala adikire chaka chimodzi, palibe chingaonongeke. Amake anakana. "Mwana wadikira tsikuli moyo wake wonse. Anasala kale mgonero chifukwa cha inu. Asalenso ubatizo?" Tinamufunsa mwini wake. Anati akufuna abatizidwe tsiku lake likakwana, ndipo poti adadi sangathe, amubatize a Wekesa, chifukwa iwo sanama. Sananene mondinyoza. Ananena ngati mmene mwana amanenera kuti kunja kukugwa mvula. Ndipo amene anapita kukawapempha ndinali ine.

Tsikulo linafika, Loweruka m'mawa. Tadala anavala zoyera, a Wekesa anavala zoyera, ine ndinavala suti yanga ya ku ofesi. Anandipatsa thaulo kuti ndigwire. Ndinaima m'mbali mwa dziwe ndikuona mwamuna wina akukweza dzanja, akutchula dzina la mwana wanga lonse, ndi la Chimwaza lomwe, n'kumumiza. Atatuluka ndinamufunditsa, akunjenjemera, akuseka. Kenako anamukhazika pampando, amuna a unsembe anamuzungulira n'kumuika manja pamutu, ine ndinabwerera pabenchi kukakhala ndi amayi ndi ana. Ndinkangoona timiyendo take tikulendewera pakati pa mathalauza a anthu ena. Ndinasangalala chifukwa cha iye, ndipo ndinamva kuwawa kumene sindingakufotokozereni.

Chaka chotsatira anandibwezera zonse. Mlongo wake wa Tadala, Yamikani, ndinadzamubatiza ndekha nthawi yake itakwana, ndipo botolo sindinaligwirenso. Koma musamve ngati nkhaniyi yatha bwinobwino. Nkhani ya tiyi ija ikuyendabe. Chaka chatha ndinaimva pa maliro ku Lilongwe, munthu wosandidziwa akuinena ngati umboni wa mmene anthu amenewa alili, ndipo nditamuuza kuti munthuyo ndine komanso kuti linali bodza, anati akuopsezani kuti muzitero. Pali anthu amene amanyozedwa lero chifukwa cha pakamwa panga.

Inu amene mwakhala muno, wina anakuimitsani kumpingo, wina kuntchito, wina akazi anakutsekerani chitseko cha kuchipinda. Ndikudziwa kuti aliyense ali ndi nkhani yake imene amauza anthu, yokoma, imene olakwa amakhala ena. Ine sindikufunsani kuti ndi yotani. Ndikungoti muganize kuti kunyumba kwanu ndani akuimvetsera n'kumaikhulupirira. Chilango chimene anandipatsa chinatha, unsembe unabwerera, ukwati unapola pang'onopang'ono. Koma mwana amakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu kamodzi.

Tadala ali ku sekondale tsopano. Pabalaza pathu pali chithunzi cha tsiku lija, iye ndi a Wekesa ataima pakhomo la tchalitchi, onse m'zoyera. Ine mulibemo, chifukwa ndine ndinajambula. Ndinafunapo kuchitsitsa, amake anakana. Mlendo aliyense akalowa amachiyang'ana n'kufunsa kuti bambo ali ndi mwanayu ndi ndani, ndipo amake Tadala sayankha, Tadala sayankha. Onse amatembenukira kwa ine, ndipo ndimamuuza mlendoyo kuti akhale pansi kaye.

Zimenezi ndazinena pamaso panu ndi pamaso pa Yesu Khristu amene anandipirira, ndipo ulendo uno sindinawonjezerepo kanthu. Ameni.